Tafunsani Abusa: "Amunanga akuti chaka chino sitilima, Yesu akubwera"

Moni nonse owerenga tsamba lino. Mwezi uno mameseji ambiri omwe afika pa foni yanga akuzungulira nkhani imodzi, ya kubweranso kwa Ambuye Yesu, nde ndati ndiwaike pamodzi. Maina sindilemba monga mwa nthawi zonse, ndingotchula dera basi. Safunsa anadya phula, musaleke kulemba.

FUNSO: Abusa moni. Ndine mayi wa ana anayi ndimakhala cha ku Chamama kuno ku Kasungu. Vuto langa ndi loti amunanga chiyambire kupita ku mapemphero a usiku kwa mneneri wina wake yemwe wabwera chaka chino asinthiratu. Akuti mneneriyo waonetsedwa kuti Yesu abwera chaka chino chisanathe nde palibe cholimira. Pano Okutobala ali mkati anzathu nazale za fodya zamera akuthirira kudimba, ife olo bedi limodzi tilibe, munda sitinasose, ngolo anagulitsa ndalama yake anakapereka kwa mneneriyo akuti ndi mbewu ya chikhulupiliro, pano akukamba zogulitsa ng'ombe ziwiri zomwe timalimira ndipo mwana wathu wa Fomu 2 akuti asiye sukulu. Ndikati ndiyankhule akuti ndine mkazi wa Loti. Ine Yesu ndimamukhulupilira abusa koma ana adzadya chani Febuluwale? Kodi ndikuchimwa ndikamalimbikira zolima?

YANKHO: Mayi, simukuchimwa olo pang'ono, ndiyambire pamenepo kuti mtima wanu ukhale pansi. Ndipo ndinene poyera kuti ine ndimakhulupilira ndi mtima wanga onse kuti Yesu adzabweranso, osati mophiphiritsa ayi, adzabwera ndithu ndipo diso lililonse lidzamuona. Akatolika, a CCAP, a Anglican, a Seventh Day, a Pentekosite, tonse pa mfundo imeneyi timaimba nyimbo imodzi, kuti adzabwera kudzaweruza amoyo ndi akufa. Nde ine ndi bambo akunyumba kwanu sitikusiyana pa zoti Ambuye akubwera. Tasiyana pa deti.

Tatsegulani Mateyu 24 ndime 36. Yesu mwini wake akunena kuti za tsikulo ndi ola lake palibe akudziwa, angelo akumwamba sakudziwa, ngakhale Mwana, koma Atate okha. Atauka kwa akufa ophunzira anamufunsanso za nthawi, pa Machitidwe 1 ndime 7 anawayankha kuti si kwa iwo kudziwa nthawi ndi nyengo zomwe Atate anaziika mu ulamuliro wawo. Petro yemwe anadya naye mbale imodzi sanauzidwe, Yohane yemwe anatsamira pa chifuwa chake sanauzidwe. Munthu akabwera lero nkumati ine ndauzidwa, akutipempha kuti tisankhe pakati pa mawu ake ndi mawu a Yesu, ndipo ine pamenepo sindichedwa kusankha.

Komanso mneneri wanuyo si woyamba. Ku America kunali mlimi wina wa mpingo wa Baptist dzina lake William Miller, munthu woopa Mulungu ndithu osati wakuba ayi, anawerengetsera masiku 2,300 a pa Danieli 8 ndime 14 nkuwatenga ngati zaka, ndipo otsatira ake anafika pa deti ya 22 Okutobala 1844. Anthu zikwizikwi anadikira, alimi ena mbewu anazisiya mmunda osakolola, dzuwa linalowa, kunacha, ndipo analira ngati pa maliro. Miller anavomera kuti pa detiyo analakwitsa. Ena mwa anthu amenewo ndi omwe anadzayambitsa mpingo wa Seventh Day mu 1863, ndipo mpingowo lero suika deti. Kwathu konkuno Elliot Kamwana wa ku Nkhata Bay mu 1908 ndi 1909 anabatiza anthu oposa 9,000 akulalikira kuti ufumu ufika mu 1914, msonkho wa atsamunda utha. Chomwe chinafika mu 1914 ndi nkhondo yaikulu yomwe inamenyedwa mpaka ku Karonga. Harold Camping wa pa wailesi ku America anati 21 Meyi 2011, zitakanika anati 21 Okutobala chaka chomwecho, anthu ena anali atatha kale ndalama zawo zonse kulipira zikwangwani zolengeza tsikulo, kenako mkuluyo anapepesa ndipo anamwalira mu 2013. Posachedwa pompa mu 2025 mavidiyo anadzaza pa TikTok ndi mmagulupu a WhatsApp kuti mkwatulo, kutengedwa kwa okhulupilira kupita kumwamba, uchitika pa 23 kapena 24 Sepitembala malinga ndi mlaliki wina wa ku South Africa. Tilipo mpaka lero.

Ndipo pali zina zomwe ndimazilemba mtima ukuwawa. Ku Kanungu mdziko la Uganda gulu lina linauza anthu kuti dziko litha pakutha pa 1999, anthu anagulitsa minda ndi ziweto nkupereka ndalama kwa atsogoleri. Tsiku litadutsa ena anayamba kufunsa katundu wawo. Pa 17 Malichi 2000 anthu mazanamazana anapsera mu tchalitchi chokhomedwa, ndipo pamodzi ndi mitembo yomwe inapezeka mmalo ena a gululo anthu oposa 700 anafa, ana ambirimbiri ali momwemo. Ku Kenya mu nkhalango ya Shakahola mu 2023 anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu omwe anauzidwa kuti asale kudya mpaka akakumane ndi Yesu. Sindikunena kuti kwanuko zafika pamenepo, koma njira yake imayamba chimodzimodzi, siyani ntchito, chotsani ana kusukulu, gulitsani, bweretsani ndalama, ndipo wachibale yemwe akufunsa mafunso ndi mdani.

Tsono za kulimako. Nkhani yanuyi inachitikapo kale mu mpingo wa ku Tesalonika Paulo akadali moyo. Ena anamva kuti tsiku la Ambuye lafika, ndipo mu mpingo momwemo munali ena ongokhala osagwira ntchito kumadya za anzawo. Paulo mu kalata yachiwiri, mutu 2, akuti musagwedezeke msanga olo wina abwere ndi uneneri kaya ndi kalata yonamizira kuti yachokera kwa ife, nde pa mutu 3 ndime 10 akumenya pa mutu penipeni, wosafuna kugwira ntchito asadyenso. Yemweyo Paulo yemwe ankadikira Yesu kuposa ife tonse ankasoka mahema usiku ndi usana. Ine nkhani yomwe imandigwira mtima kwambiri ndi ya pa Yeremiya 32. Asilikali a Babulo azungulira Yerusalemu, Yeremiya ali mndende, iye mwini wakhala akulosera kuti mzinda ugwa, nde Mulungu akumuuza kuti gula munda wa msuweni wako ku Anatoti. Anagula ndi masekeli 17 a siliva, anasainira pamaso pa mboni, mapepala nkuwasunga mu mtsuko kuti akhalitse. Mneneri weniweni ameneyo, pa nthawi yoopsa anagula munda, sanagulitse. Taonaninso pa Mateyu 24 pomwepo ndime 40 ndi 41, Ambuye akubwera akupeza anthu awiri ali kumunda, amayi awiri akupera pa mphero, ndipo wotengedwayo akutengedwa ali pa ntchito. Kapolo wodala pa ndime 45 ndi 46 ndi yemwe mbuye wake amupeza akugawira a mnyumba chakudya pa nthawi yake. Mayi, kapolo ameneyo ndi inu. Inu si mkazi wa Loti, mukufanana ndi mkazi wa pa Miyambo 31 yemwe amaona munda nkuugula ndipo a mnyumba mwake sagona ndi njala.

Chochita nachi. Musalimbane nawo bambo usiku muli awiri, mawu amakula. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri pamodzi ndi mkulu wa mpingo yemwe bambowo ankamulemekeza kale, sabata ino osati ya mawa, pakadafunda padajiwitsa galu. Nkhani ya ng'ombe ikambidwe pamenepo, ndi chuma cha banja lonse osati cha munthu mmodzi, ndipo ngati zikanika afumu alipo. Mwana asasiye sukulu olo tsiku limodzi. Inuyo ndi ana yambani kusosa, ngati za fodya zachedwa chaka chino konzani mizere ya chimanga, mtedza ndi soya mvula isanagwe. Ife a ku Kasungu njala ya 2002 tinaiona ndi maso, anthu kudya madeya ndi mizu ya nthochi, maliro tsiku ndi tsiku, sitingasewere ndi dzinja. Pa bwalo la ankhoswelo wina afunse mwaulemu funso ili, ngati dziko likutha Disembala, ndalama ya ngolo ija mneneri akufuna aigwiritse ntchito yanji? Ndipo Deuteronomo 18 ndime 22 akuti mneneri akanena mdzina la Yehova koma osachitika, Yehova sananene, musamuope.

Pempho langa lomaliza kwa inu, Januwale akadzafika musadzawaseke bambo, ndipo muwaletse ana ndi achibale kuwanyoza. Ndaonapo amuna otere, manyazi amawapangitsa kusiyiratu kupemphera, ena amalowa mu mowa, ena amakakamira deti ina yatsopano chifukwa choopa kuvomera. Adzafuna khomo lobwelera lopanda chitonzo.

FUNSO: Abusa ine ndi mnyamata wa pa Kamwendo ku Mchinji. Agogo anga akukana kukapangitsa chitupa cha unzika chatsopano akuti ndi 666, katemera anakananso, pano feteleza wotsika mtengo sangagule chifukwa cha chitupacho. Pa gulupu ya WhatsApp ya kutchalitchi anthu amatumizanso mavidiyo oti kukubwera kachipangizo koika pa dzanja. Zoona zake ndi ziti?

YANKHO: Achimwene, mwachita bwino kuwadera nkhawa agogo, ndipo musawaone ngati osazindikira, akuopa kuchimwira Mulungu ndipo mantha amenewo ndi ofunika kuwalemekeza. Koma tiyeni tiwerenge Chivumbulutso 13 yonse osati ndime 18 yokha yomwe imatchula 666.

Yohane analemba buku limeneli ali pa chilumba cha Patmos, kulembera mipingo isanu ndi iwiri yomwe inali mdera lomwe lero ndi dziko la Turkey. Anthu amenewo anali pansi pa Aroma, ndipo mfumu ya Aroma inkapembedzedwa ngati mulungu, inali ndi akachisi ake ndi mafano ake. Mu mutu 13 mawu omwe akubwerabwera ndi oti kulambira. Chilombo chikufuna kulambiridwa, fano lake lilambiridwe, wokana aphedwe, nde chizindikiro chija pa dzanja kapena pa mphumi chikubwera ngati chidindo cha munthu yemwe wavomera kulambira. Tsegulani mutu 14 ndime 1 mupeza anthu a Mwanawankhosa nawonso ali ndi dzina la Atate lolembedwa pa mphumi zawo, ndipo palibe amati chimenecho ndi chitupa kapena jakisoni. Myuda aliyense akamva za dzanja ndi mphumi ankakumbukira Deuteronomo 6 pomwe Mulungu akuti mawu anga muwamange pa dzanja ndi pakati pa maso. Dzanja ndi zochita zako, mphumi ndi maganizo ako, funso ndi loti ndiwe wa ndani.

Za nambalayo, kale zilembo za Chihebri ndi Chigiriki zinkagwiranso ntchito ngati manambala, nde dzina lililonse linali ndi chiwerengero chake. Dzina la Nero Kaisara ukalilemba mu zilembo za Chihebri nkuwonkhetsa limakwana 666 ndendende, ndipo ukalilemba mmene Aroma ankalitchulira, chilembo chimodzi nkuchoka, limakwana 616, nde nzochititsa chidwi kuti mipukutu ina yakale kwambiri ya Chivumbulutso ili ndi 616 pa ndime imeneyi. Nero ndi mfumu ya Aroma ija inazunza akhristu moto utaotcha mzinda wa Rome mu chaka cha 64. Akatswiri ambiri a Baibulo amaona kuti Yohane ankaloza kumeneko, ena amati akuloza wolamulira wina yemwe adzabwere kumapeto, enanso amati zonse ziwiri, kuti mzimu wa Nero umabweranso mu maufumu osiyanasiyana mpaka udzafike pachimake. Ine ndili ndi achitatuwa. Mu chaka cha 250 mfumu Decius inalamula kuti aliyense apereke nsembe kwa milungu ya Aroma nkulandira kapepala kochitira umboni, ndipo akhristu okana anamangidwa ena kuphedwa. Kapepala kameneko kanali koipa chifukwa kuti ukapeze umayenera kukana Yesu kaye.

Nde afunseni agogo mofatsa, pomwe anthu oposa 9 miliyoni ankalembetsa zitupa mu 2017, alipo anauzidwa kuti akane Yesu kapena agwadire fano asanajambulidwe? Yosefe ndi Mariya anapita ku Betelehemu kukalembetsa mu kaundula wa boma, boma lake la Aroma lomwelo, ndipo Mpulumutsi anabadwira pa ulendo umenewo. Munthu sungalandire chizindikiro cha chilombo mwangozi, uli mtulo kapena uli pa mzere kuchipatala, Mulungu wathu satchera ana ake misampha. Katemera naye anthu anamunenera zomwezo mu 2021, koma onani pa mkono wanu wakumanja, ambiri tili ndi chipsera cha katemera wa TB chomwe tinalandira tili makanda. Pitani nawo agogo pamodzi ndi mkulu wa mpingo yemwe ali ndi chitupa chake mthumba, akaona munthu yemwe amamukhulupilira mtima udzatsika. Mavidiyo a pa gulupuwo musamangowatumiza kwa ena musanafufuze, kandimverere anakanena za mmaluwa.

FUNSO: Ndine mphunzitsi cha ku Santhe. Nkhondo ku Israel ndi ku Ukraine, namondwe Freddy, kolera, Covid, kukwera mitengo kwa zinthu, kodi izi si zizindikiro zoti tili mmasiku otsiriza? Ena akuti kubadwa kwa dziko la Israel mu 1948 ndiye mkuyu wophuka uja wa mu fanizo la Yesu.

YANKHO: Aphunzitsi, inde tili mmasiku otsiriza, koma tinalowamo kalekale. Petro pa tsiku la Pentekosite anati zomwe Yoweli ananena za masiku otsiriza ndi izi zikuchitikazi, kalata ya Aheberi ikuyamba ndi mawu oti masiku otsiriza ano, ndipo 1 Yohane 2 ndime 18 akuti okana Khristu ambiri afika kale. Nthawi yonse kuchokera pa kukwera kumwamba mpaka kubweranso ndi masiku otsiriza.

Pa Mateyu 24 ndime 6 mpaka 8 Yesu akutchula nkhondo, njala ndi zivomezi, koma mawu omwe anthu amawadumpha ndi oti musaope, chimaliziro sichinafike, izi ndi chiyambi chabe cha zowawa za kubala. Amayi akudziwa, matenda akayamba ndiye kuti mwana akubwera ndithu, koma olo mzamba wodziwa bwanji sangakuuze ola lake. Komanso ophunzira anafunsa zinthu ziwiri mu funso limodzi, kugwa kwa kachisi ndi kutha kwa nthawi, nde yankho la Yesu likukhudza zonse ziwiri, ngati mmene mapiri awiri amaonekera ogundana ukakhala patali koma ukafika pafupi pakati pake pali mtunda wa tsiku lonse. Phiri loyambalo linafika mu chaka cha 70 pomwe asilikali a Aroma motsogozedwa ndi Titus anagumula Yerusalemu ndi kachisi yemwe, patadutsa zaka ngati 40 Yesu atanena kuti sipadzatsala mwala pa unzake.

Mbadwo uliwonse unali ndi zake. Mliri wa pakati pa 1347 ndi 1351 unapha pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse ku Ulaya, chimfine cha 1918 chinapha anthu mamiliyoni ambiri, agogo athu anaona njala ya 1949, ena tikukumbukira chivomezi cha ku Salima mu 1989 ndi cha ku Karonga mu 2009. Onsewo sanalakwitse kukweza maso kumwamba, zizindikiro ntchito yake ndi kutidzutsa, koma kalendala sizitipatsa. Za 1948, ena anawonjezerapo zaka 40 za mbadwo umodzi nkulengeza 1988, chakacho chinadutsa. Luka 21 ndime 29 akuti onani mkuyu ndi mitengo yonse, nde fanizolo ndi la nyengo, monga ife timadziwira kuti mvula yayandikira masamba a msangu akayamba kuyoyoka ndi mitengo ina ikayamba kuphukira. Akhristu amasiyana maganizo pa malo a Israel mu uneneri, werengani Aroma 9 mpaka 11 mofatsa, koma nkhondo iliyonse ya kumeneko kumbukirani kuti akufa ndi ana a anthu, tiwapemphelere osati kumangowerengetsera.

Chimodzi chokha ndikupempheni poti mumaima pamaso pa ana. Musalole wina anene kuti omwe anakokoloka ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Malichi 2023 anali ochimwa kuposa ife. Yesu anakana maganizo amenewo pa Luka 13 pokamba za anthu 18 omwe nsanja ya Siloamu inawagwera. Ndipo kunena kuti ndi masiku otsiriza kusatipangitse kusiya kudzala mitengo mmapiri ndi kukumba zimbudzi.

FUNSO: Abusa ndine mtsikana wa zaka 17 kuno ku Kasungu boma. Tinaonera filimu ya mkwatulo ku gulu la achinyamata, chiyambire pamenepo sindigona bwino. Tsiku lina ndinadzuka masana mnyumba mulibe munthu, ndinalira kuganiza kuti onse akwatulidwa ine ndatsala. Mnzanga wa Katolika akuti kwawo saphunzitsa za mkwatulo. Olondola ndani?

YANKHO: Mwana wanga, meseji yako ndaiwerenga kawiri ndipo yandikhudza. Si iwe wekha, akuluakulu ambiri omwe ukuwaona mtchalitchi anadutsamo mu mantha omwewo koma sanena.

Mawu oti kukwatulidwa ali mu Baibulo ndithu, pa 1 Atesalonika 4 ndime 17, ndipo mpingo uliwonse umawerenga ndime imeneyi, wa mnzakoyonso. Kusiyana kuli pa kamvedwe. Mipingo yambiri ya Pentekosite ndi ena a Baptist amaphunzitsa kuti Yesu adzabwera kaye mwakachetechete kudzatenga ake, kenako zaka 7 za chisautso, kenako nkubwera poyera. Chiphunzitso chimenechi mmene tikuchidziwira lero chinafala kuchokera kwa John Nelson Darby wa ku Britain cha mma 1830, chinakula ndi Baibulo la ndemanga la Scofield la 1909, kenako mabuku ndi mafilimu a ku America anachifikitsa mpaka kwathu kuno. Akatolika, a Anglican, a Lutheran ndi ziphunzitso zakale za mipingo ya Presbyterian ngati CCAP amati kubwera ndi kumodzi, koonekera kwa onse, akufa nkuuka, chiweruzo nkuchitika. A Seventh Day nawonso amakana zoti kudzakhala kwa chinsinsi. Ngakhale pa zaka 1,000 za pa Chivumbulutso 20 kusiyana kunayamba kale, Irenaeus, bishopu wa mpingo wakale, ankadikira ufumu weniweni pansi pano, pomwe Augustine, bishopu wa kumpoto kwa Africa, anati zakazo zikuimira nthawi ya mpingo yomwe tilimoyi. Onsewa anali okonda Yesu.

Ukandifunsa ine, ndimaona kubwera kumodzi. Ndime 16 ya 1 Atesalonika 4 ikukamba za mfuu, mawu a mngelo wamkulu ndi lipenga la Mulungu, zimenezo si za kachetechete. Ndipo mawu a Chigiriki omwe Paulo anagwiritsa ntchito ponena za kukumana ndi Ambuye mumlengalenga ndi omwe ankanena anthu akatuluka mu mzinda kukachingamira mlendo wolemekezeka, ndi omwewonso ali pa Machitidwe 28 ndime 15 pomwe abale a ku Rome anatuluka kukachingamira Paulo pa njira nkubwera naye mu mzinda. Iwe ukudziwa mmene timachitira kumudzi kukamabwera mkwati ndi mkwatibwi kapena abusa atsopano, amayi amathamangira ku msewu ndi nyimbo ndi nthungululu, kuyala zitenje, nkubwera nawo limodzi kunyumba. Chithunzi chake ndi chimenecho. Koma abale anga omwe amaona mosiyana sindiwayesa osochera, ndimalalikira nawo pa maliro amodzi, ndipo palibe adzakanizidwe kumwamba chifukwa anasokoneza ndondomeko ya zaka 7.

Tsono tamvera ichi. Paulo sanalembe ndime imeneyi kuti aopseze atsikana. Anthu a ku Tesalonika anali ndi maliro, ankalira kuti abale awo omwe amwalira Yesu asanabwere aphonya zonse, nde Paulo akuwauza kuti ayi, akufa mwa Khristu ndi omwe adzayambe kuuka ndipo tidzakhala pamodzi. Akumaliza ndi mawu oti tonthozanani ndi mawu amenewa. Ngati chiphunzitso chikukusowetsa tulo mmalo mokutonthoza, chafika kwa iwe mokhota. Yesu anati wobwera kwa Ine sindidzamutaya kunja, pa Yohane 6 ndime 37, ndipo pa Yohane 10 akuti palibe adzakwatule nkhosa zake mdzanja lake. Chipulumutso chako sichidalira kuti lipenga likupeze uli pa maondo sekondi imeneyo, chidalira Iye yemwe anakufera. Uwauze amayi ako kapena mayi wa mvano yemwe umamasuka naye zomwe wandiuzazi, usazisunge wekha, mafilimu amenewo uyambe wasiya kaye, ndipo usiku uziwerenga Salimo 4 usanagone. Kusowa tulo kukapitilira milungu ingapo upite kuchipatala ukafotokoze, si kuchepa kwa chikhulupiliro.

FUNSO: Ndimapalasa kabaza pa Chinkhoma. Anzanga pa siteji amandiseka akuti zaka 2,000 zakwana Yesu wanuyo ali kuti. Ndiziwayankha bwanji?

YANKHO: Achimwene, funso la anzanuwo lili kale mu Baibulo, pa 2 Petro 3 ndime 4, anthu ankafunsa zomwezo atumwi akadalipo. Petro akuyankha kuti kwa Ambuye tsiku limodzi lili ngati zaka 1,000 ndipo zaka 1,000 ngati tsiku limodzi, komanso kuti sakuchedwa ayi koma akuleza mtima posafuna kuti wina atayike. Akanabwera mu 1844 uja uthenga usanafike nkomwe kuno, inu ndi ine ndi agogo athu tikanakhala kuti? Nde musakangane nawo, ndipo ena mwa iwo akuseka chifukwa anaonapo achibale awo akudyeredwa ndi oika madeti, pamenepo avomerezeni kuti akunena zoona. Auzeni kuti deti simukuidziwa, koma Munthuyo mukumudziwa. Kenako kasitomala akaiwala chenji kapena foni pa njinga yanu mthamangireni mukamupatse anzanuwo akuona, wina njinga ikamufera mthandizeni kumata, ndipo yemwe amaseka kwambiriyo akadzadwala mukhale oyamba kukamuzonda. Mundilembelenso ikatha sizoni ya fodya mundiuze mmene zikuyendera pa sitejipo.